Mmene Mungaunikire Nkhope Pojambula Vidiyo ndi Zithunzi

Funso limene ongoyamba kujambula amafunsa mobwerezabwereza ndi lakuti, "Ndigule nyale yanji kuti vidiyo yanga izioneka ngati filimu?" Ambiri amafunsa atagula kale nyale zitatu. Aziyatsa zonse, koma nkhope yatuluka yophwatalala, pamphumi pakunyezimira, pakhoma pali mithunzi itatu ya munthu mmodzi. Yankho lake silikwana m'mizere iwiri, n'chifukwa chake ndalilemba pano lonse.

Kamera ili ndi diso limodzi. Imatha kuonetsa kuti mphuno yatuluka, tsaya lazungulira, chibwano chili patsogolo pa khosi, chifukwa cha mthunzi basi. Ntchito yanu yeniyeni ndi kusankha pamene mthunzi ugwere, ndi kuti ude motani. Babu wamba loikidwa poyenera limapereka chithunzi chabwino kuposa nyale yodula yoikidwa polakwika.

Malangizowa ndi a ntchito imene mudzaigwire kwambiri: munthu mmodzi wakhala pampando m'chipinda, akuyankhula kapena akujambulitsa chithunzi. Mufunika nyale imodzi yamphamvu ndi sitandi yake, nsalu yoyera yopyapyala, bolodi loyera lalikulu, nsalu yakuda yosanyezimira, ndi kanyale kena kakang'ono ngati kalipo.

1. Zimitsani zonse kaye

Musanatulutse nyale m'chikwama, zimitsani magetsi onse a m'chipindamo, makamaka a kudenga. Getsi la kudenga limagwetsa kuwala kuchokera pamwamba, nsidze n'kutchinga maso, masowo n'kuoneka ngati maenje awiri. Mukazimitsa, imani pamene pakhale kamera, muone kumene kuwala kotsala kukuchokera.

Ngati pali zenera, sankhani chimodzi: kaya zeneralo likhale nyale yanu yaikulu, kaya mulitseke ndi nsalu yakuda. Zenera limene dzuwa silikulowa mwachindunji limapereka kuwala kokongola kwambiri, koma silimvera munthu. Mtambo ukadutsa kuwala kumatsika, pakatha ola mthunzi wasuntha. Pa chithunzi kapena vidiyo ya mphindi zochepa, ligwiritseni ntchito. Pa kucheza kwa ola lathunthu kumene mudzadule ndi kulumikiza, litsekeni, apo ayi chiganizo chimodzi chidzawala, chotsatira n'kuda.

Kenako chotsani mpando kukhoma. Mamita 2 ndi abwino. Ngati chipinda n'chopanikiza, asachepere 1.5. Munthu wotsamira khoma amagwetsa mthunzi wake pakhomapo, ndipo nyale iliyonse imene yamuwalitsa imawalitsanso khomalo, moti simungazilekanitse. Lozetsani kamera m'litali mwa chipinda kapena kukona kuti kumbuyo kuoneke kutali.

2. Chotsani kamera pa auto

Kamera imene ikudzisinthira yokha imafafaniza chilichonse chimene mwachita ndi nyale. Ikani zonse pamanja.

Pa vidiyo, shutter, yomwe ndi nthawi imene kamera imatsegula kuti kuwala kulowe, ikhale 1/50 ya sekondi ngati mukujambula mafuremu 25 pa sekondi, kapena 1/60 pa mafuremu 30. Palinso nkhani ya kuthwanima. Kumene magetsi amayenda pa 50 Hz, monga ku Europe ndi mayiko ambiri a mu Africa, mababu ambiri amathwanima ka 100 pa sekondi. Kumene ali pa 60 Hz, monga ku United States, ka 120. Diso siliona, koma kamera imaona, ndipo pachithunzi pamayenda mizere yakuda yopingasa. Pa 50 Hz gwiritsani 1/50 kapena 1/100. Pa 60 Hz, 1/60 kapena 1/120. Nyale zina za LED zotchipa zimayamba kuthwanima mukangozichepetsa mphamvu, choncho jambulani masekondi 10, muonere pasikirini yaikulu musanayambe ntchito.

ISO, nambala yosonyeza mmene kamera imamvera kuwala, ikhale yotsika monga kamera yanu imajambulira bwino. Aperture, kukula kwa bowo la lenzi lolowera kuwala (nambala ikachepa, bowo lakula), yambirani pa f/2.8 kapena f/4. Pa f/1.8 kumbuyo kumasungunuka bwino ndithu, koma munthu woyankhula amagwedezeka, ndipo mudzapeza nsonga ya mphuno ili yakuthwa, maso ali mbuu.

Mawu amodzi oti muwadziwe pano ndi stop. Kuwonjezera stop imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri. Kuchotsa stop imodzi ndi kukudula pakati. Kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6 ndi stop imodzi, pa f/5.6 kupita pa f/8 ndi inanso.

Chotsala ndi mtundu wa kuwala, umene umayezedwa ndi nambala za Kelvin. Kandulo ili pafupifupi 1900K, babu lakale la m'nyumba 2700K, nyale za tungsten za ojambula 3200K, kuwala kwa masana 5600K, kunja kukachita mitambo 6500K kapena kuposa. Nambala yaing'ono ndi kuwala kofiirira, yaikulu ndi kobiriwira ngati thambo. White balance ya kamera imayeretsa mtundu umodzi wokha pa nthawi. Tsaya lina likamawala ndi zenera, lina ndi babu la 2700K, tsaya limodzi lituluka labuluu kapena linalo lachikasu, ndipo pakompyuta mudzavutika nazo kosatha. Nyale zonse zogunda nkhope zikhale za nambala imodzi, ndipo nambalayo muilembe m'kamera. Ngati nyale yanu siisintha mtundu, pali mapepala osapsa msanga otchedwa gel: CTO amasandutsa kuwala kwa masana kukhala kwa tungsten, CTB amachita mosemphanitsa. Dziwani kuti CTB yathunthu imadya kuwala koposa theka. Machubu a fluorescent ndi LED zotchipa zimakondanso kupaka nkhope girini. Pogula, funani CRI, nambala yosonyeza mmene nyale imaonetsera mitundu molondola, ya 95 kapena kuposa.

3. Ikani nyale yaikulu, yokhayokha

Nyale imene imaumba nkhope amaitcha key. Iyatseni yokha, zina zonse zidikire. Poyambira ndi madigiri pafupifupi 45 kuchoka pamzere wa kamera kupita kumbali, pamwamba pa maso a munthuyo, yoloza pansi ndi madigiri 30 mpaka 45. Ngati madigiri akuvuta, ganizani wotchi yogonekedwa pansi, munthu ali pakati, kamera ili pa 6 koloko. Nyale ikhale pakati pa 7 ndi 8, kapena pakati pa 4 ndi 5.

Mbali iti? Ngati munthuyo akuyankhula ndi wofunsa mafunso amene wakhala pambali pa kamera, nyale ikhale kumbali imene wayang'anako, kupitirira wofunsayo. Mukatero tsaya limene lili pafupi ndi kamera limalowa mumthunzi pang'ono, ndipo nkhope imaoneka yaumbidwa. Mukaika mbali inayo, khutu ndi tsaya lonse ndizo zimawala, nkhope n'kutambalala.

Tsopano iwalani madigiri, yang'anani mthunzi wa mphuno. Ugwere pansi chammbali, kuloza kukona ya mlomo. Ukadutsa pamlomo, nyale yakwera kwambiri. Ukayenda chopingasa kupita kukhutu, yatsika kwambiri. Ukakwera m'mwamba ndiye kuti nyale ili pansi pa nkhope, ndipo munthu wabwinobwino amaoneka woopsa. Yang'ananinso m'maso: mukhale kadontho ka kuwala chakumtunda kwa diso lililonse. Kakasowa, maso amaoneka akufa, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa nyale pang'onopang'ono mpaka kataoneka. Munthu wa maso olowa mkati, kapena wovala chipewa, amafuna nyale yotsika kuposa ena.

Mukapitiriza kusunthira nyale kumbali, mthunzi wa mphuno umakumana ndi wa tsaya, n'kusiya kachigamba ka kuwala ka makona atatu pansi pa diso la kumthunzi. Kaikidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Rembrandt, wojambula ndi penti wa ku Netherlands wa m'zaka za m'ma 1600. Kamayenera nkhani yolemera. Pa uthenga wa kampani kapena phunziro, bwererani pang'ono kufupi ndi kamera.

4. Kukula kwa nyale ndi mtunda wake

Kuwala kwaukali kumapanga mthunzi wa m'mphepete mwakuthwa, ndipo kumaonetsa kachiphuphu kalikonse. Kuwala kofewa kumapanga mthunzi wosungunuka pang'onopang'ono. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi kukula kwa gwero la kuwala monga likuonekera kuchokera pamene pali nkhope, osati mphamvu yake. Dzuwa n'lalikulu zedi, koma lili kutali moti kumwamba limatenga theka la digiri lokha, n'chifukwa chake mithunzi yake ndi yakuthwa. Mitambo ikaliphimba, thambo lonse limasanduka gwero, mithunzi n'kufewa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amamata nsalu kapena pepala pankhope pa nyale penipeni, n'kudabwa kuti kuwala kwangochepa koma sikunafewe. Sikungafewe, pakuti gwero silinakule. Pachikani nsaluyo payokha, masentimita 50 mpaka mita imodzi patsogolo pa nyale, kuti kuwala kudzaze nsalu yonse. Nsaluyo ndiyo yakhala nyale yanu tsopano, ndipo muiyandikize kwa munthu mmene mungathere osalowa m'chithunzi. Softbox, bokosi la nyale lokhala ndi nsalu yoyera kutsogolo, imagwira ntchito yomweyi, koma softbox ya masentimita 60 yoikidwa mamita 4 kutali yabwereranso kukhala kanyale kaukali. Njira ina ndi kuloza nyale kukhoma loyera kuti kuwala kubwerere kunkhope. Khomalo likhale loyeradi. Lachikasu lidzapaka nkhope chikasu.

Mtunda uli ndi lamulo lake. Mukawirikiza mtunda kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kuti mwataya ma stop awiri. Lamuloli n'lolondola kwambiri pa nyale yaing'ono, koma ndi poyambira pabwino pa nyale iliyonse. Tione zimene limachita. Nyale ili mita imodzi kuchoka pankhope, khoma lili mamita 3 kuchoka panyale: khoma lilandira gawo limodzi mwa 9, kuda ndi ma stop atatu ndi pang'ono, ndipo munthu aonekera bwino. Koma munthu yemweyo akaweramira kunyaleyo masentimita 30, nkhope yake iwala kawiri. Nyale ikakhala mamita 3, kuwerama komweko kumasintha pang'ono chabe, koma khoma limawala. Choncho munthu wokhazikika muyandikizireni nyale. Woyankhula ndi thupi lonse, kapena anthu awiri atatu, italikitseni ndipo muikulitse.

5. Mbali ya mthunzi

Musathamangire kuyatsa nyale yachiwiri. Tengani bolodi loyera, muliike kumbali ya mthunzi, chakutsogolo pang'ono, kuti ligwire kuwala kwa key n'kukubweza kutsaya. Liyandikizeni, mthunzi upepuka, litalikitseni, uda. Ntchito imeneyi amaitcha fill. Ubwino wa bolodi ndi woti silipanga mthunzi wachiwiri. Ngati mukufunadi nyale, ikhale yofewa, yofooka, ndipo pafupi kwambiri ndi lenzi. Mphuno ikakhala ndi mithunzi iwiri yopingasana, fill yanu yapita kumbali kwambiri kapena yakula mphamvu.

Poyeza kusiyana, gwirani pepala limodzi patsaya lowala, muone aperture imene kamera ikupempha, kenako patsaya la mthunzi. Ngati uku ndi f/5.6 ndipo uku f/4, kusiyana ndi stop imodzi, kumene amati 2:1. Nkhope imaoneka yotseguka, yansangala. Ngati ndi f/5.6 ndi f/2.8, ndi 4:1, ndipo apa ndi pamene maonekedwe a filimu amayambira. Pa f/2 ndi 8:1, mthunzi wolemera.

M'chipinda chaching'ono chopakidwa penti yoyera vuto limakhala losiyana: makoma akubweza kuwala mbali zonse, mthunzi palibe. Pachikani nsalu yakuda kumbali ya mthunzi, pafupi ndi tsaya kunja kwa chithunzi. Imatchinga kuwala kwa khoma, tsaya n'kuda. Kawirikawiri nsalu yakuda imeneyi imasintha chithunzi kuposa nyale ina iliyonse imene mukanawonjezera.

6. Khungu lakuda: apa musafulumire

Malangizo ambiri amadumpha gawo ili, ndipo nambala zimene amapereka zinayezedwa pa khungu loyera. Nkhaniyi ndi yakale. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lotchedwa Shirley card, lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo makina ankachunidwa potengera nkhope imeneyo. Makamera a lero amatha kujambula khungu la mtundu uliwonse bwinobwino, koma zizolowezi zakale zidakali m'maphunziro.

Chimene ambiri amachita akaona nkhope yakuda siikuoneka ndi kuwonjezera mphamvu ya nyale. Zotsatira zake mukuzidziwa: kachigamba koyera kopsa pamphumi, kena pansonga ya mphuno, kena pafupa la tsaya, kwinako kudakali mdima. Chifukwa chake ndi ichi. Khungu limabweza kuwala m'njira ziwiri. Kwina kumalowa pang'ono m'khungu n'kutuluka kutatenga mtundu wake. Kwina kumadumpha pamwamba penipeni, ngati pagalasi, ndipo kumeneku n'chithunzi cha nyaleyo. Khungu lakuda limameza kwambiri kuwala kolowa mkati, koma kodumpha pamwamba kumakhala pafupifupi chimodzimodzi pa khungu lililonse. Ndiye pa nkhope yakuda kunyezimira n'kumene kumaonekera kwambiri, ndipo n'kumene kumaumba nkhope. Ganizani za galimoto yakuda yotsukidwa bwino: mukaiunika ndi tochi mumangoona kadontho, koma ikaima pansi pa thambo loyera mumaona thupi lake lonse, chifukwa mukuona thambolo m'penti.

Choncho funso loti muzidzifunsa ndi lakuti, khunguli likuona chiyani? Likamaona kanyale kakang'ono, libweza kadontho kopsa. Likamaona nsalu yaikulu yowala mofatsa, libweza kunyezimira kotambalala kotsata mphumi, tsaya ndi chibwano. Kulitsani gwero kuposa mmene mukanachitira pa khungu loyera: nsalu ya mamita 1.5 kapena 2 mbali iliyonse, yoyandikira. Ngati pakati pa nsaluyo pakuoneka chibowo chowala pamene pali nyale, khungu lichionanso. Bwezani nyale m'mbuyo, kapena muiloze kubolodi loyera kuti kuwala kuyambe kwadumpha kenako kudutse pansalu.

Kunyezimira kumatsata lamulo la galasi: kuwala kumachoka pa ngodya yofanana ndi imene kwafikira. Izi zikutanthauza kuti pamene kunyezimira kukuonekera pamadalira pamene diso lili. Mukaima pambali pa nyale n'kuona nkhope ili bwino, kamera ikuona zina. Wina azisuntha nyale inu mukuyang'ana pasikirini ya kamera. Sunthani masentimita 20 okha pa nthawi. Mudzaona kunyezimira kukuyenda patsaya. Imani pamene kwatsata fupa la tsaya ndi mbali ya mphumi, osati pamene kwadzaza pakati pa mphumi. Bolodi loyera loikidwa pamiyendo pa munthuyo, kunja kwa chithunzi, limapatsa chibwano ndi pansi pa maso chinthu choti zibweze. Reflector (chobwezera kuwala) ya siliva ndi yamphamvu, iikeni patali. Yagolide samalani nayo, imasandutsa khungu kukhala lachikasu chonyenga.

Kenako exposure, kuchuluka kwa kuwala kumene kamera ikulowetsa. Mita yoyezera kuwala ya m'kamera imafuna kuti chilichonse chituluke chotuwa chapakati, chimene amati 18%. Mukailoza pankhope yakuda n'kuimvera, iwalitsa nkhopeyo mpaka ituwe ngati phulusa. Mukaisiya iyeze chithunzi chonse muli malaya oyera kapena khoma loyera, itseka, nkhope n'kumira. Njira yodalirika ndi khadi lotuwa la 18% logwiridwa pankhope moyang'ana kamera: yezani pamenepo, kenako muweruze ndi maso ngati pakufunika kutsegula theka la stop. Lamulo lofala loika zebra (mizere imene kamera imaonetsa pasikirini pamene kuwala kwafika pa mlingo umene mwasankha) pa 70 n'kutsegula mpaka mizere ioneke patsaya linapangidwira khungu loyera. Pa khungu lakuda, kunyezimira kokha n'kumene kungayandikire nambala imeneyo. Tsaya lonse likafika pamenepo mwapsereza. Cholinga n'chakuti munthu atuluke ndi khungu lake lenileni, m'mthunzi mukuonekabe kanthu.

Adani aakulu a nkhope yakuda ndi zinthu zowala zoizungulira. Diso la woonera limathamangira powala kwambiri, ndipo chilichonse chili pafupi chimaoneka chakuda kuposa mmene chilili. Ngati n'kotheka, pemphani munthuyo avale malaya a mtundu wapakati m'malo mwa oyera mbee. Ngati sizitheka, dulani kuwala kopita pachifuwa: gwirizani katoni yakuda pakati pa nyale ndi munthu, m'munsi, muikweze pang'onopang'ono mpaka mthunzi wake utaphimba malaya n'kulekeza pakhosi. Khoma la kumbuyo lisawale kuposa tsaya lowala. Zenera lowala kumbuyo kwa mutu, lipeweni.

Siyanitsaninso thukuta ndi kunyezimira kwa khungu lathanzi. Thukuta ndi mafuta ambiri zimapanga timadontho toyera tosweka. Pukutani mogunditsa ndi tishu, osakhula. Paudala wa mtundu wosagwirizana ndi khungu amatuwitsa nkhope, ndipo khungu louma kwambiri limatuluka lakufa, choncho mafuta odzola ochepa amathandiza. Polarizer, galasi lozungulira loikidwa pa lenzi, imachepetsa kunyezimira, koma muizungulize pang'ono chabe. Mukachotsa konse mwachotsa chimene chimaumba nkhope.

Mukakhala ndi anthu awiri osiyana khungu, wakuda kwambiri akhale kufupi ndi nyale. Lamulo la mtunda lija likugwirirani ntchito popanda kuwonjezera chilichonse.

7. Kumbuyo

Kanyale kachiwiri kaikeni kumbuyo kwa munthu, pamwamba, mbali yosemphana ndi key, kuloza mapewa ndi tsitsi. Imeneyi ndi backlight, ndipo ntchito yake ndi kujambula kamzere kowala kolekanitsa munthu ndi khoma. Tsitsi lakuda pa khoma lakuda limaifuna kwambiri. Ikhale yofooka. Chifukwa kuwala kwake kumadumphira molunjika kukamera, kumaoneka kwamphamvu kuposa mmene mita ikunenera, makamaka pa khungu lakuda ndi pa dazi. Ikagunda nsonga ya mphuno, ibwezeni kumbuyo. Ikalowa mu lenzi chithunzi chimachita chifunga. Tchingani ndi katoni pambali pa lenzi.

Pakhoma, kanyale ka patebulo kooneka m'chithunzi, ka babu lofooka, kamakwanira kupereka moyo. Ngati mukuwalitsa khomalo, walitsani mbali imene ili kuseri kwa tsaya la mthunzi, ndipo kuseri kwa tsaya lowala kukhale kodera. Mukatero mbali zonse ziwiri za mutu zimaonekera.

Wovala magalasi: nyale ikamaoneka m'magalasimo, ikwezeni kapena muipititse kumbali, kapena mupempheni akweze pang'ono timiyendo ta magalasi pamwamba pa makutu kuti apendekere pansi.

8. Panja, ndiponso ndi flash

Panja mfundo ndi zomwezo, kungoti key simungaisunthe, ndiye musunthe munthu. Dzuwa likhale kumbuyo kwake chammbali ngati backlight, nkhope muiwalitse ndi bolodi loyera. Masana dzuwa lili paliwombo, lowani mumthunzi wa khoma kapena pakhonde, munthu ayang'ane kumene kuli thambo. Mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali umagwetsa mawangamawanga pankhope, ndipo masamba amabweza girini. Dzuwa likamatuluka kapena kulowa kuwala kumakhala kotsika ndi kofiirira, koma kufupi ndi equator nthawi imeneyi ndi yaifupi, choncho konzekani lisanapendeke.

Pa vidiyo panja mufunika ND filter, galasi loderapo la pa lenzi lochepetsa kuwala. Padzuwa lowala, ISO 100 ndi shutter 1/50 zimafuna pafupifupi f/22. Kuti mufike pa f/4 muyenera kuchotsa ma stop asanu, ndiyo ND32. Kukweza shutter m'malo mwake kumachititsa kuti kuyenda kwa munthu kuzioneka kodukaduka.

Pa zithunzi za flash, shutter isapitirire malire amene kamera imagwirizana ndi flash, nthawi zambiri 1/200 kapena 1/250. Mukapitirira, mbali ya chithunzi imada. Pansi pa malirewo, shutter imalamulira kuwala kwa m'chipinda, pamene mphamvu ya flash ndi aperture zimalamulira nkhope. Flash ya pamwamba pa kamera musailoze kunkhope. Itembenuzireni kukhoma loyera la pambali panu chakumbuyo, khomalo likhale key yanu yaikulu.

9. Magetsi, chitetezo ndi kulemba

Gawani mawati ndi mavoti kuti mudziwe ma ampere. Nyale ya tungsten ya mawati 1000 pa 230V imakoka pafupifupi 4.3A, ndiye pa chingwe cha 13A ziwiri zili bwino, zitatu zafika kale pamalire. Chingwe chokulunga chitambasuleni chonse, chifukwa chikanyamula katundu chili chokulungidwa chimatentha. Babu la halogen musaligwire ndi zala. Mafuta a m'manja amapsa pagalasi, babu n'kuphulika. Nsalu ndi mapepala zikhale patali ndi tungsten, ndipo mukazimitsa idikireni izizire musanaigwire. Sitandi iliyonse ikhale ndi thumba la mchenga, mwendo umodzi uli pansi pa mbali imene nyale yalemerera, ndipo zingwe zodutsa poyenda anthu muzimate ndi tepi.

Zonse zikakhala m'malo, jambulani mphindi imodzi yoyesera munthuyo akuyankhula ndi kutembenuka monga achitire pa ntchito yeniyeni, muonere pasikirini yaikulu. Kenako matani tepi pansi pamene pali miyendo ya mpando, ya kamera ndi ya sitandi iliyonse, mujambule chipinda chonse ndi foni kuchokera m'makona awiri, ndipo mulembe kutalika kwa nyale, mphamvu imene mwaiikapo, nambala ya Kelvin, ISO, shutter ndi aperture. Mukadzafuna kubwereza chiganizo chimodzi tsiku lina, mthunzi wa mphuno uyenera kugwera pamalo omwewo, apo ayi podula padzaonekera.